Akuti tisamuke m'mphepete mwa khwawa, nanga tisamukire kuti?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Mulanje amene amachita geni ya nthochi ndi nanazi pa msika wa Chitakale. Iwo alemba kuti: "Ndinagula kapuloti chakumunsi, pafupi ndi khwawa, n'kumangapo nyumba ya zipinda ziwiri ya njerwa zootcha koma zomangira dothi. Nthawi ya namondwe wa Freddy madzi analowa m'nyumba kufika m'mawondo ndipo khoma lakuseri linang'aluka. Chaka chilichonse mvula ikayandikira timamva pa wailesi kuti okhala m'malo angozi asamukire kumtunda. Kumtunda kwake n'kuti, poti kumtunda kwathu kuno ndi minda ya tiyi ndi phiri? Kodi mapulani a tauni amene mumanena aja amatithandizako ife osauka, kapena ndi a anthu a mipanda ya njerwa okha?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo pepani ndi zimene zinakuonekerani. Ndagwira ntchito yokonza mapulani a matauni kwa zaka zambiri m'chigawo chino cha kumwera, choncho ndiyambe ndi kuvomera mlandu wa ntchito yathu. Mawu akuti "samukani" akanenedwa popanda kuloza malo, popanda kutchula mtengo wake, ndiponso popanda kuganizira komwe munthu akadye akasamuka, amakhala chenjezo chabe, ndipo chenjezo silimanga nyumba. Komabe chenjezolo ndi loona pa malo ena, moti sindikunamizani kuti aliyense angathe kukhala pomwe ali. Ntchito ya mapulani abwino ndi kusiyanitsa malo amene anthu ayenera kuchokapo zivute zitani ndi malo amene angakonzedwe anthu ali pomwepo, kenako kupezera ochokawo malo ena oti munthu wa geni ngati inu angawakwanitse.

Munthu samanga m'khwawa chifukwa chosadziwa kuti madzi amapha. Amamanga pamenepo chifukwa ndi malo okhawo amene thumba lake lingafikire, komanso chifukwa ali pafupi ndi pamene amapezera ndalama ya tsiku limenelo. Ku Mulanje ndi ku Thyolo vutoli ndi lalikulu kuposa m'maboma ambiri pa chifukwa chimene aliyense wobadwira kuno amachidziwa. Malo ambiri abwino, osatsetsereka kwambiri ndiponso osadikha madzi, anakhala maesiteti kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kumtunda kwa maesitetiwo kuli nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje, kumene lamulo sililola munthu kumanga. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo ndi ena ochepera pang'ono pa chiwerengero chimenecho m'boma la Mulanje, ndipo khamu lonseli likupanikizana m'timipata totsala. Ndiye mukafika pa Chitakale, pa Limbuli, pa Bvumbwe kapena pa Luchenza, puloti yotsika mtengo imakhala ija ya m'dambo, ya m'mphepete mwa mtsinje, kapena ya pamtsetse poti mbuzi yokha ndiyo ingayendepo mosatekeseka. Wogulitsa amatsitsa mtengo chifukwa akudziwa chimene chili pamalopo. Ndalama imene wogula amaganiza kuti wapulumutsa amadzailipira pang'onopang'ono: chaka chino khoma, chaka chamawa chimbudzi, chaka chinacho mphasa, ufa ndi makope a ana.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo kwa ine mwambi umenewu ndiwo phunziro loyamba la mapulani a tauni iliyonse ya m'munsi mwa phiri. Phiri la Mulanje ndi chimwala chachikulu chokhala ndi dothi lochepa pamwamba pake, ndipo limatchinga mitambo yochokera ku nyanja ya mchere kudzera ku Mozambique. N'chifukwa chake kuno kumagwa mvula yambiri, n'chifukwa chakenso tiyi amachita bwino. Koma mvula ikagwa masiku atatu kapena anayi osakata, dothi lija limakhuta, silingamwenso dontho ngakhale limodzi, ndipo madzi onse amathamangira m'mitsinje ya Likhubula, Lichenya, Ruo, Muloza ndi Thuchila pa nthawi yochepa. Nthawi zina dothi lokhuta lija limalekana ndi thanthwe limene lagonapo n'kutsika lonse pamodzi ndi mitengo ndi miyala. Makolo athu anazitcha Napolo. Mu Malichi 1991 Napolo wochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana ku Phalombe, ndipo chaka chomwecho dziko lino linakhazikitsa lamulo lake loyamba lokhudza ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu Malichi 2023 Freddy anachitanso zomwezo ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi kwathu kuno, makamaka mbali ya ku Muloza. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ndipo oposa theka la miliyoni anathawa m'nyumba zawo.

Apa ndipo pamene ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa pa wailesi ngozi zonse zimaikidwa m'dengu limodzi lotchedwa "malo angozi", pamene zili za mitundu iwiri yosiyana kotheratu. Pali madzi okwera pang'onopang'ono, amene amalowa m'nyumba chifukwa ngalande yatsekeka, kalavati ndi yaing'ono, kapena mtsinje wadzaza mchenga moti sungathenso kunyamula madzi ake. Madzi otere amawononga katundu ndi kugwetsa makoma a dothi, koma kawirikawiri amapatsa munthu mpata wothawa, ndipo vuto lake limakonzeka ndi makasu, simenti pang'ono ndi mgwirizano. Ndiye pali njira za Napolo, makwawa otsika molunjika kuchokera kuphiri pamodzi ndi malo oyalana amene ali pamene khwawa limathera. Pamenepo palibe khoma, palibe maziko, palibe ngalande imene khonsolo ya kuno ingakwanitse kumanga yoti n'kuimitsa mwala waukulu ngati nkhokwe ukutsika pakati pa usiku. Kusamutsa anthu a mtundu woyamba uja ndi kuwazunza pachabe, ndipo kusiya anthu a mtundu wachiwiri pamalo pawo ndi kuwaika m'manja mwa imfa. Khonsolo ikalephera kusiyanitsa ziwirizi imauza onse kuti asamuke, onse amakana, ndipo mapeto ake palibe amene wathandizidwa.

Malo amadziulula okha kwa munthu wodekha. Patapita milungu ingapo Freddy atadutsa, ndinayenda ndi bambo wina wachikulire m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri, ndipo anandionetsa miyala ikuluikulu yobulungira, yomera ndere, yomwazikana m'munda mwake pakati pa chimanga ndi nandolo. Ana amakhalapo poweta mbuzi, amayi amayanikapo ufa ndi zovala. Bamboyo anati agogo awo ankanena kuti miyala imeneyo inabwera usiku umodzi iwo ali atsikana. Kutsidya kwa mundawo kunali miyala ina yofanana nayo kukula, koma yoyera, yopanda ndere, ya chaka chomwecho. Mwala wotere sumera ngati bowa. Ukauona uli pa malo oyalana kutali ndi thanthwe, dziwani kuti unabwera ndi madzi, ndipo njira imene unadzera idakalipo ngakhale patapita zaka makumi asanu anthu akulimamo. Ine ndimakhulupirira mapu opangidwa ndi mawu a okalamba otere pamodzi ndi zithunzi za m'mlengalenga kuposa mapu ojambulidwa mu ofesi ndi munthu amene sanapondepo matope a kumaloko.

Tsono tibwere pa puloti yanu, mayi. Sindinaione, koma mungathe kuiweruza nokha mukakumbukira bwino usiku uja. Madzi atachoka, pansi m'nyumba munatsala chiyani? Ngati munatsala matope osalala okhaokha, ndiye kuti madziwo anali odikha, obwerera m'mbuyo chifukwa chosowa potulukira, ndipo mukatsika ndi khwawalo mosakayika mukapeza kalavati yopapatiza, mlatho wodzaza zinyalala kapena mpanda wa munthu wina umene unalowa m'njira ya madzi. Koma ngati munatsala mchenga wokhakhala, timiyala ndi zipika za mitengo, ndiye kuti madziwo anadutsa ndi liwiro, ndipo nyumba yanu ili m'njira yawo yeniyeni. Onaninso ngati muli kunja kwa pamene khwawa lakhota, chifukwa mbali imeneyo ndiyo imene madzi amakumba chaka ndi chaka. Khomani chikhomo mapazi khumi kuchokera m'mphepete mwa khwawa mu Okutobala, mudzawerengenso mapaziwo mvula ikatha. Akachepa, ndiye kuti khwawa likubwera kwanu, ndipo khoma lililonse limene mungamange likungoliyembekezera. Zikakhala choncho, uphungu wanga ndi woti musathirenso ndalama zambiri pa nyumbayo, ndipo usiku uliwonse umene a zanyengo achenjeza za mvula yamphamvu musagone mmenemo.

Nkhani ya ngalande imaoneka yaing'ono, koma ndiyo imene imamiza nyumba zambiri za osauka m'matauni athu. Tiwerenge pamodzi. Denga la malata la mamita 5 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali likalandira mvula ya mamilimita 100, imene kuno ingathe kugwa tsiku limodzi, limakhetsa malita 5,000, ndiye kuti ndowa 250 za malita 20. Kale pamalopo panali munda kapena tchire, madzi ambiri ankalowa pansi. Lero pali madenga mazana angapo, mabwalo oseseka olimba ngati simenti, ndi misewu yogangatika ndi mapazi ndi njinga za kabaza. Madzi onsewo amayenda pamwamba kutsikira kwa amene ali kumunsi, ndipo amene ali kumunsi ndi uja anagula puloti yotsika mtengo. Wa kumtunda amakumba kangalande kotulutsa madzi pabwalo pake n'kukalozetsa pakhoma pa mnzake, mnzakeyo amachitanso chimodzimodzi, mpaka madzi a dera lonse amakumana pakhomo pa munthu mmodzi. Ngalande yoona imayambira kumunsi, pamene madzi akathirire mu mtsinje, n'kumakwera nayo, ndipo imakula ikamatsika. Zambiri zimene ndaziona zinakumbidwa mosemphana: kumtunda kwa ochita bwino kuli ngalande ya konkire, kumunsi kwa anthu wamba imangothera panjira.

Mungadabwe kumva kuti mbali yofunika kwambiri ya mapulani a tauni ndi yotsika mtengo. Ndi zikhomo ndi chingwe. Malo asanadzaze nyumba, woyeza malo, amfumu ndi anthu a kumaloko amayenda n'kukhoma zikhomo zosonyeza kuti apa padzadutsa msewu, apa ngalande, apa ndi njira ya madzi pasamangidwe, apa sukulu, apa mjigo. Sipafunika phula kapena magetsi tsiku lomwelo, zimenezo zingabwere patapita zaka khumi, bola mpata wake ukhalepo. Nyumba zikamangidwa kale mothithikana, kutsegula njira yoti ambulansi idutse kumafuna kugwetsa makoma ndi kulipira chipepeso, ndipo ndi pamene ntchito imene ikanatha ndi zikhomo imasanduka ya mamiliyoni ndi milandu. Lamulo la mapulani a malo la 2016, lotchedwa Physical Planning Act, linapangitsa kuti dziko lonse likhale loyenera kutsata mapulani, osati mizinda ikuluikulu yokha monga zinalili kale. Ndiye kuti malo amalonda amene akukula pa nthaka ya mafumu nawonso akukhudzidwa. Lamulo lina la chaka chomwecho lokhudza malo a makolo linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, momwe muyenera kukhalanso amayi. Pa pepala zida zilipo. Chimene chimachitika pansi ndi chakuti mapuloti amagulitsidwa Loweruka masana pakati pa anthu awiri ndi mboni imodzi, khonsolo imadzamva nyumba itafika pa linta.

Pamenepa ife a mapulani tisaloze chala mafumu ndi ogulitsa malo okha. Kwa zaka zambiri takhala tikufuna mapuloti aakulu, mapulani a nyumba ojambulidwa ndi katswiri wolipidwa, ndalama zolembetsera ndi maulendo angapo a ku boma munthu asanaike njerwa yoyamba. Mayi wogulitsa nthochi sangatseke geni masiku anayi kuti azikadikira pa benchi. Malamulo akakwera kuposa msinkhu wa anthu ambiri, anthuwo amadutsa pansi pake, ndipo amakathera komwe kulibe wowafunsa, komwe ndi m'dambo muja. Maganizo anga ndi akuti khonsolo iliyonse ya m'maboma awiriwa izikhala ndi mapuloti ang'onoang'ono, okwana nyumba ya zipinda zitatu, bafa ndi chimbudzi, olipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi monga munthu amalipirira lendi, ndipo izipereka ulere mapulani awiri kapena atatu a nyumba zosavuta amene mmisiri wa kumudzi angawerenge. Ilolenso munthu kuyamba ndi chipinda chimodzi n'kumawonjezera. Malamulo okhwima akhale ochepa, koma amenewo asakhale onyengerera: osamanga m'njira ya madzi, osatseka ngalande, osadula mtsetse popanda kuutchinjiriza.

Luchenza ndi malo amene ndimawayang'ana ndi chiyembekezo komanso ndi mantha. Ali pa msewu waukulu wa pakati pa Thyolo ndi Mulanje, njanji imadutsa pomwepo, ali ndi khonsolo yawoyawo, ndipo boma linawaika pa mndandanda wa matauni amene likufuna kuwakuza mogwirizana ndi masomphenya a Malawi 2063. Tauni ikangotchulidwa kuti ikula, mitengo ya malo imakwera nyumba zisanamangidwe, ochita bwino amagula malo ouma n'kuwasunga, ndipo obwera kudzafuna ganyu amatsikira ku malo otsika a kufupi ndi mtsinje wa Thuchila. Ngati zikhomo zija zingakhomedwe lero, malo ena ouma n'kusungidwira anthu opeza pang'ono, Luchenza angapewe zimene zinachitika m'mapiri a Blantyre. Zikachedwa zaka zisanu, tidzakhala tikulembanso za misasa.

Mwafunsa kuti musamukire kuti, ndipo ili ndilo fupa la nkhani yonse. Kusamutsa anthu kumalephera kawirikawiri pa chifukwa chimodzi: malo atsopano amakhala kutali ndi chakudya. Banja limalandira puloti makilomita khumi ndi asanu kuchokera pa msika, kulibe mjigo, kulibe sukulu, ndalama ya kabaza yopita ndi kubwera ikuposa phindu la tsiku. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi banja lija lagulitsa malata n'kubwerera m'khwawa, ndipo akuluakulu amati anthuwa ndi osamva. Ambiri kuno akukumbukira ntchito ya Kudzigulira Malo, imene kuyambira mu 2004 inasamutsa mabanja ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje kupita ku Machinga ndi ku Mangochi. Imeneyo inali ya alimi ofuna minda. Munthu wa m'tauni munda wake ndi msika, siteji ya minibasi, chipata cha fakitale ya tiyi, ndipo malo omusamutsira ayenera kuyezedwa ndi mapazi ake: kodi angafike pa geni yake wapansi, atasenza dengu, kunja kusanatenthe? Ngati yankho ndi ayi, kusamukako sikudzakhalitsa.

Malo oterowo pafupi ndi Chitakale kapena Thyolo boma ndi ochepa, ndipo tisazembe kunena kuti ambiri ali m'manja mwa maesiteti. Ine sindili m'gulu la onena kuti anthu angolowa m'minda ya eni, chifukwa zimenezo zimathera m'manja mwa apolisi ndipo ovutika amakhala osauka omwewo, komanso tiyi ndi amene amalemba ntchito anthu ambiri kuno. Koma boma lili ndi mphamvu ya lamulo yogula malo pa zosowa za anthu n'kupereka chipepeso, ndipo tauni sifuna malo ochuluka monga ulimi. Mahekitala ochepa a m'mphepete mwa tauni, oyezedwa bwino, angakwane mabanja mazana angapo. Zokambirana zotere zimatheka pamene khonsolo yabwera ndi mapu, chiwerengero cha mabanja ndi maina awo, osati pamene yabwera ndi madandaulo okha. Chinanso chimene chimaiwalika ndi malo amene anthu achokapo. Akasiyidwa opanda ntchito, mvula isanagwe kawiri wina amakhala atawagulitsanso kwa mlendo wosadziwa mbiri yake. Ayenera kupatsidwa ntchito yooneka tsiku lomwelo: bwalo la mpira, madimba a omwe anasamukawo, nsungwi ndi vetiva m'mphepete mwa khwawa. Munthu akadziwa kuti dimba lake lidakali lake, sakhala ndi mantha ochoka.

Inu muli ndi puloti yanu, koma ndikutsimikiza kuti oyandikana nanu ambiri ndi a lendi. Amenewa ndiwo amaiwalika koposa. Thandizo la malata ndi simenti likabwera limapita kwa mwini nyumba, amene mwina amakhala kwina kouma, pamene amene anataya zofunda ndi katundu wa geni amangouzidwa kuti akafune nyumba ina. Kalembera aliyense wa dera lanu azilemba mabanja okhalamo, osati eni makoma okha.

Za nyumba yeniyeniyo ndinena mwachidule, chifukwa nyumba yolimba pa malo olakwika siipulumutsa munthu. Ngati mwapeza kuti vuto lanu ndi madzi odikha aja, kwezani pansi pa nyumba kupitirira pamene madzi anafika, mizere ya njerwa ya m'munsi imangidwe ndi simenti ngakhale ya pamwamba ikhale ya dothi, khonde lizungulire nyumba yonse ndipo litsetserekere kunja, denga litulukire mokwanira kuti mvula isamamenye khoma. Njerwa yootcha yomangira dothi imagwa chifukwa dothi la pakati likanyowa limasungunuka, osati chifukwa njerwayo ndi yofooka. Boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba chitachitika chivomerezi cha ku Karonga mu Disembala 2009, ndipo mungawafunse ku ofesi ya khonsolo. Chimbudzi chikhale kumunsi ndi kutali ndi chitsime, chokwezedwa pakamwa pake. Madzi akasefukira, za m'zimbudzi zimakumana ndi za m'zitsime, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Pali chinthu china chimene mapulani angachite ngakhale nyumba imodzi isanasunthe, ndicho njira yothawira. Kuno madzi amene amapha amagwa kuphiri, kumene simukuwaona, ndipo pakhomo panu pangakhale kamvula kowaza ngati chiperoni pamene mtsinje wadzaza kale kumtunda. Choncho dera lililonse la kumunsi likhale ndi munthu wa kumtunda woti n'kuimba foni, likhale ndi wezulo kapena chitsulo choimba chimene aliyense akudziwa tanthauzo lake, ndipo banja lililonse lidziwe sukulu kapena tchalitchi chimene lingathawireko popanda kuwoloka mtsinje. Mawu omalizawa ndi ofunika, chifukwa ndinaonapo dera limene malo ake othawirako anali kutsidya kwa mlatho womwe ndiwo unayamba kumira. Njirayo muiyende masana ndi ana, muione ngati agogo kapena munthu wolumala angaidutse mu mdima, ndipo pomwe pali mpanda wotchinga mukambirane ndi mwini wake mvula isanayambe. Makomiti a ngozi a m'midzi ndi a m'madera, amene amagwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, anakhazikitsidwira zomwezi, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi lolowa m'malo mwa la 1991 lija. Koma komiti imene imakumana pokhapokha kukabwera matumba a ufa ndi komiti yogawa, osati yoteteza.

Nanga inuyo, amene mulibe udindo uliwonse, mungayambire pati? Mukapita nokha ku khonsolo adzakumverani chisoni n'kukuuzani kuti mubwerenso. Yambirani pa gulu limene muli nalo kale, kaya ndi banki m'khonde, kaya ndi amayi a pa msika okhala dera limodzi. Tengani pepala lalikulu mujambule dera lanu nyumba ndi nyumba, mulembe kuti muli anthu angati, ndani ndi wa lendi, madzi anafika pati pa khoma lililonse, ndi mbali imene anachokera. M'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre magulu a anthu okhala m'malo othithikana akhala akuchita zimenezi mothandizana ndi bungwe la CCODE, ndipo mapu opangidwa ndi eni dera ndi ovuta kuwakana, chifukwa nthawi zambiri khonsolo ilibe ena oposa amenewo. Mapuwo muwatengere kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera, ndi kwa khansala wanu, chifukwa ndiyo njira imene zofuna za anthu zimalowera m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lanu. Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho lofika mu Meyi limadikira chaka chathunthu. Ndipo musakapemphe "chitukuko" kapena "thandizo". Mukapemphe chinthu chimodzi chodziwika, monga kukuza kalavati ya pa msewu wakutiwakuti imene imabweza madzi m'nyumba makumi anayi, kapena kuyezera mapuloti mabanja khumi ndi awiri amene ali m'kamwa mwa khwawa, maina awo ndi awa.

Mvula yoyamba yamphamvu ikadzagwa masana, musabisale m'nyumba nonse. Anthu atatu kapena anayi a gulu lanu afunde mapepala apulasitiki, ayende motalikira ndi khwawa lenilenilo, atsate madzi a m'njira kuchokera kumsika mpaka kumene akuthera, akuona pamene akukhota, pamene akudikha ndi pamene akulowera pabwalo la munthu. Wina ajambule ndi foni, wina akhome timitengo. Zimene mudzaone m'theka la ola limenelo mudzazilembe pa mapu anu aja, ndipo mukadzandilemberanso mudzandiuze zimene zinatsala pansi m'nyumba mwanu usiku wa Freddy, matope osalala kapena mchenga ndi timiyala.